Shopu ya masola ya a Captain ku Down Shops, mupite muli ndi nthawi

Amene mufuna batire ya sola olo inveta muno mu Chipata, ku Down Shops kuli kashopu ka amadala ena amene anthu amangowaitana kuti a Captain. Panja sipaoneka zambiri, mapanelo chabe atsamira kuchipupa, mkati namo ndi mothina. Koma kuyambira 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba malaiti n'kuyamba kuzima tsiku lonse, mashopu a masola amera ngati bowa, aliyense agulitsa batire yolembedwa 200Ah, kutanthauza kuti ndi yaikulu, koma imene mwana wa sukulu angainyamule ndi dzanja limodzi, ndiye apa ndi pamene ndaona kusiyana.

A Captain anali kuyendetsa ndeke ku Zambia Air Force m'zaka za m'ma 1970, nthawi ija asilikali a Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia (Zimbabwe ya lero), anali kulowa m'dziko kudzaphulitsa makampu a ZAPU, chipani cha a Joshua Nkomo, monga zinachitikira ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka mu October 1978. Atapuma ntchito anabwerera kuno kwawo nayamba ndi kukonza mawailesi. Za iwo eni sakamba kwambiri, koma mukangoloza chithunzi chili pamwamba pa kaunta basi mwaziputa. Ndi Beaufighter, ndeke ya ma British imene inali kusaka ndeke za ma German usiku pamene ma German anali kuponya mabomba ku London mu 1940 ndi 1941. Adzakufotokozerani kuti munali anthu awiri, woyendetsa kutsogolo, wina kumbuyo maso pa radar, makina oonetsa pamene pali ndeke ina, kumuuza kuti khota kumanzere, tsika pang'ono, mpaka aone mthunzi wa mdani. Adzakuuzaninso za John Cunningham, woyendetsa Beaufighter uja manyuzi anali kulemba kuti amaona mumdima chifukwa chodya makaroti pamene nkhani yeniyeni inali radar imene boma silinafune kuti idziwike. Apa amaseka mpaka kukhosomola.

Chimene ine ndinatolapo ndi ichi, akuti usiku m'mitambo thupi limanama, umamva ngati ndeke iyenda bwinobwino pamene yapendekeka kale, ndiye wophunzira amauzidwa kukhulupirira mageji chabe. Malonda awo ayenda chimodzimodzi. Batire sichoka pashopu osapimidwa inu mukuona. Amayamba ndi mita, ikhale pa mavolti 12.6 olo 12.7 ngati yadzaza, ikaonetsa 12.2 ndiye kuti ili pa hafu, kenaka amaikapo ka makina kena kokoka moto kamene kamatentha ndithu n'kumayang'ana ngati singano igwa msanga. Ine ndinaloza sitika kuti koma apa alemba zambiri atate, iwo anangoti, "Mwana wanga, sitika siyatsa malaiti, ona apa." Panelo amaitulutsa padzuwa kuipima, ndipo sakugulitsani popanda kontirola, ka makina koteteza batire pochaja, akuti mudzaphika batire n'kubwera kudzawatukwana.

Manje zovuta zake. Ndi ochedwa, shuwa ndi ochedwa. Kasitomala mmodzi angathe naye theka la ola, ndipo makutu anawonongeka ndi phokoso la mainjini ndiye mukambe mokweza, ndalama zanu shopu yonse imva. Mitengo ili pamwambako pang'ono kuposa ku Kapata, kunenerera samva, nkhongole ayi olo mukhale wachibale. China, amakana kugulitsa. Amayi ena anafuna inveta yaing'ono ya firiji, a Captain anawauza kuti firiji ikamayamba kulira imakoka moto wochuluka kuposa zolembedwa kumbuyo kwake, asunge ndalama adzagule yaikulu. Amayiwo anatuluka atakwiya, koma kwa ine amadala anachita bwino. Chokhacho chimene sindigwirizana nawo ndi cha mabatire a lithium, alibe ambiri ndipo amaoneka kuti sanawazolowere, amene mufuna amenewo mungayambe mwayang'ana kwina.

Batire imene ndinagula iyatsa magulobu, TV ndi kuchaja mafoni usiku wonse bwinobwino, bola osaitsitsa kupitirira hafu monga anandilangizira. Risiti amalemba ndi manja pamodzi ndi manambala a pamita, mobile money amalandira mdzukulu wawo. Amatseka ma 17 osapitirira. Mupite m'mawa pakati pa sabata chifukwa pa Chiweru pamadzaza anthu a ku Katete, Chadiza ndi Vubwi, ndipo mulembe papepala zonse zimene mufuna kuyatsa kunyumba, adzakufunsani.