Mapadi a EBC Greenstuff pa Axela yanga: miyezi 8 ndikutsika nawo pa Thabwa

Ndimakhala ku Chilomoni koma ntchito imanditengera ku Nchalo kawiri pa sabata. Amene amayenda msewu wa M1 wopita ku Chikwawa akudziwa mmene pa Thabwa palili: makona otsatizana, phompho mbali inayo, malole a shuga akukwera mwapang'onopang'ono, galimoto yako nkumangofuna kuthawa yokha mpaka kumunsi ku Shire. Buleki yabodza imaululika pamenepo.

Yanga inaululika chaka chatha. Ndinali nditagula mapadi a buleki otchipa pa shopu ina ya masipeya ku Limbe, a m'bokosi lokongola koma kumbuyo kwake kopanda chilembo chilichonse. M'tauni ankagwira bwinobwino. Tsiku lina masana, nditanyamula anthu atatu ndi matumba awiri a feteleza, ndinangomva fungo ngati la chinthu chopserera. Ndikaponda, chopondera chili gwa, koma Mazda Axela yanga ikungopita. Ndinatsitsa giya, nkukaima pambali manja akunjenjemera. Ku tayala lakumanja kunkatuluka utsi. Padi ikatentha kupyola mphamvu yake, zomatira zake zimapsa ndipo imayamba kuterereka pa disiki (chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala) m'malo moigwira.

Mantha anandipititsa mbali ina yolakwika. Mnzanga wokonda za mpikisano anandigulitsa mapadi a pa track (bwalo la mpikisano wa magalimoto) omwe anali nawo. Pa Thabwa analidi ngati khoma. Koma m'mawa wa mu June, kukuzizira, wa kabaza atandidula pa Ginnery Corner, ndinaponda nkuona kuti galimoto yachedwa kuyankha. Mapadi amenewo amafuna ayambe atentha kuti alume, ndipo kuchoka pakhomo kukafika m'tauni satentha nkomwe. Kulira kwakenso, pa roundabout ya Chichiri anthu a m'minibasi ankachita kutembenuka. Patangotha miyezi iwiri madisiki anali ndi mizere yoti chikhadabo chimakodwa.

Amene anandiwongola ndi makaniko wanga wa ku Ndirande, bambo wachikulire amene sathamangira kuyankhula. Anatenga padi imodzi, nkuipukuta ndi chala.

"Achimwene, inu mumapita ku mpikisano kapena ku Nchalo?"

"Ku Nchalo, madala."

"Ndiye gulani ya ku Nchalo. Iyi ikudyerani madisiki chabe."

Anandiphunzitsa kuwerenga kumbuyo kwa padi. Zambiri zimakhala ndi zilembo ziwiri monga EE, FF kapena GG. Choyamba chimanena mmene imagwirira isanatenthe kwambiri, chachiwiri ikatentha, ndipo F imagwira kuposa E, G kuposa F. Chizindikiro china ndi cha R90, lamulo la ku Ulaya lofuna kuti padi yolowa m'malo isasiyane ndi ya fakitale kupyola 15 peresenti. Zija za ku Limbe zinalibe chimodzi mwa zimenezi.

Ndinasankha Greenstuff za kampani ya EBC ya ku Britain. Iwo ali ndi mitundu yosiyanitsidwa ndi utoto: zobiriwira za galimoto zopepuka zoyenda pamsewu, zofiira za Redstuff za galimoto zolemerapo komanso zamphamvu, zachikasu za Yellowstuff za amene amathamanga kwambiri nkumalowanso pa track. Axela si yolemera, ndiye zobiriwira zinandikwanira. Ndinaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa mlamu wanga woyendetsa thiraki, ndipo ndalama yake inapitirira katatu ya zotchipa zija. Zinandiwawa potulutsa, sindikana.

Madala aja sanalole kungoika mapadi okha. Anasintha madisiki akutsogolo, anatsuka tizitsulo timene kalipa (chitsulo chofinyira mapadi pa disiki) imayendapo nkutipaka girisi, kenako anakhetsa brake fluid (mafuta a buleki) yense. Wakaleyo anatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi, ndipo brake fluid watsopano wa mtundu wa DOT 4 amawira pa madigiri 230 Celsius kupita m'mwamba pomwe wonyowa amatha kuwira pa 155. Akawira, chopondera chimangolowa pansi ngati waponda siponji, ngakhale mapadi akhale abwino chotani. Ambiri timanamizira mapadi pomwe vuto ndi limeneli.

Lamlungu m'mamawa tinapita pa msewu wa ku Chileka kukawazoloweretsa: kufika pa 60, kuponda molimba mpaka pa 10, osaimiratu, kubwereza kasanu ndi katatu, kenako kuyenda mtunda ndithu osagwira buleki kuti zizizire. Masabata awiri oyamba ndinkayenda nawo mofatsa.

Tsopano miyezi 8 yakwana. Chimene ndimawakondera kwambiri ndi kuponda koyamba kwa m'mawa, potsika kamtunda ka kwathu galimoto ikadali yozizira. Amaluma pompo, koma osati modzidzimutsa mpaka mwana kumbuyo kugunda mpando. Mvula ya mu January ndayenda nawo pa Masauko Chipembere Highway madzi ali thothotho, sanandichititse mantha. Kulira kulibe. Fumbi pa malimu ndi lochepa poyerekeza ndi a pa track aja, omwe ankadetsa limu masiku awiri okha.

Pa Thabwa ndi pamene ndimawayesera. Kuponda kwa pa kona yomaliza kumamveka chimodzimodzi ndi kwa pa kona yoyamba, ngakhale nditanyamula katundu. Komabe ndinasintha katsikidwe kanga: ndimaika giya yotsika kuti injini ithandize, ndimaponda molimba pang'ono nkusiya, osati kugoneka phazi pa buleki njira yonse monga ndinkachitira kale. Ndipo padi singapose tayala. Wa matayala osalala ayambe wagula matayala, za Greenstuff aziganizire pambuyo.

Amene amangozungulira pakati pa Limbe ndi m'tauni, mapadi enieni a fakitale kapena ena aliwonse okhala ndi R90 amukwanira, ndalamayo asunge. Koma woyenda ku Chikwawa, kapena wokonda kukwera phiri la Zomba nkutsika ndi banja lonse m'galimoto, ndimamuuza kuti agule amenewa.

Sabata yatha madala aja anachotsa tayala nkuyeza. Nyama ya padi yatsala yopitirira theka, disiki ikadali yosalala. Mlamu wanga akunyamuka Lachinayi, ndamupatsa kale nambala ya mapadi akumbuyo.