Woyendera nyumba kapena injiniya wa nthaka: muitane ndani musanagule?

Pamalo pomwe pansi pali miyala ya laimu, wogula nyumba asamangoganiza za denga ndi mapaipi. Madzi a mvula amakhala ndi asidi pang'ono, ndipo m'kupita kwa zaka amasungunula mwalawo n'kusiya mphanga. Tsiku lina dothi la pamwamba limangotitimira, nyumba n'kupendekeka kapena kumira kumene.

Woyendera nyumba wamba, amene amaunika ngati nyumba ili bwino musanaigule, amagwira ntchito yake maola ochepa chabe. Amaona zimene maso angaone: ming'alu yokwera ngati masitepe pakhoma la njerwa, zitseko zokana kutsekeka, kadzenje kozungulira pabwalo, mzati wa mpanda wopendama. Sadula kwenikweni, ndipo wogula aliyense ayenera kumuitana. Koma za pansi pa nthaka iye saziona. Mng'alu womwewo umabweranso chifukwa cha dongo lomwe limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, ndipo kusiyanitsa ziwirizi si ntchito yake.

Apa m'pamene injiniya wa nthaka amafunika. Amayendetsa pabwalo makina a radar, omwe amaunika za pansi pa nthaka popanda kukumba, kenako amaboola mabowo akuya n'kumakhomera chitsulo pansi, uku akuwerenga kuti chamenyedwa kangati chisanalowe. Chikangolowa chokha osamenyedwa, pansipo pali mphako kapena dothi lofewa kwambiri. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, ndipo lipoti lake limachedwa.

Ine ndingayambe ndi woyendera wamba uja, n'kufunsanso anansi ndi a inshulansi ngati dera limenelo linatitimirapo. Pakapezeka chokayikitsa ngakhale chimodzi, sindingasaine kalikonse injiniya asanaboole. Nayenso wogulitsa amene anapoperapo simenti pansi pa maziko pofuna kulimbitsa nthaka asunge bwino mapepala a ntchitoyo, chifukwa wogula adzawafuna.