PuTTY ndi nkhani ya mizere yotsika ngati masitepe

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito PuTTY, pulogalamu yolowera pa makina ena kuchokera pa kompyuta yanu, pafupifupi chaka tsopano, laputopu yanga ndi ya Windows koma makina ambiri omwe ndimalowamo ndi a Linux, ndiye ndati ndinenepo zomwe ndaona makamaka pa vuto lomwe linandidyera tsiku lathunthu.

Ndinalumikiza kachipangizo kena kudzera pa kebulo ya serial, liwiro 9600, zolemba zimabwera inde koma mzere uliwonse umayambira pomwe unzake wathera, kutsika kutsika chakumanja ngati masitepe mpaka kukagunda m'mphepete mwa sikirini. Ine nkumati kebulo ndiye yavuta, ndinasintha awiri koma ayi ndithu chimodzimodzi. Madzulo ndipamene ndinalowa pa Change Settings, ku Terminal, nkuchonga "Implicit CR in every LF". Zolemba zakale zija zinatsala zokhotakhota, koma mzere wotsatira unakayambira kumanzere kwenikweni, wina pansi pake, kufola bwinobwino. Mtima unakhala pansi abale.

Vutoli ndi lakale, linayamba nthawi ya makina a teletype. CR (carriage return), nambala 13 mu ASCII, womwe ndi mndandanda wa manambala a zilembo pa kompyuta, imabweza cholembera koyambira mzere, pomwe LF (line feed), nambala 10, imangotsitsa mzere umodzi. Windows imatseka mzere ndi zonse ziwiri, Linux ndi LF yokha, ma Mac akale OS X isanabwere ankatseka ndi CR yokha. Kachipangizo kanga kamatumiza LF yokhayo ndiye cursor imangotsika osabwerera. Zikatembenuka, makina akutumiza CR yokha, mizere imalembana pamwamba mpaka osawerengeka, pamenepo chongani "Implicit LF in every CR", ili pomwepo pansi pake.

Chinanso chomwe ndakonda ndi pa Telnet, njira yakale yolowera pa makina ena kudzera pa netiweki. Lamulo lake, RFC 854 ya 1983, limati mzere uzitha ndi CR LF, ndipo PuTTY ili ndi poti musankhe chomwe Enter azitumiza, ndiye seva ikamachita zachilendo mukadina Enter muli ndi pogwira. Pa Raw, njira ina yolumikizira yomwe imatumiza zolemba mmene zilili, naponso ndayesa seva ya imelo pa port 25 ndipo inamva lamulo lililonse chifukwa Enter amatumiza CR LF.

Koma musayembekeze kuti PuTTY ikukonzerani mafayilo. Script yolembedwa pa Windows mukaipititsa ku Linux ikhoza kukana ndi "bad interpreter" ndi ka ^M (CR uja) kumapeto, imeneyo ndi ntchito ya dos2unix, pulogalamu yochotsa ma CR amenewo. Komanso mukasintha ma settings muzisunga session, apo ayi mawa masitepe aja muwapezanso.

PuTTY ndi yaulere, yopepuka, a Simon Tatham anaitulutsa 1999 ndipo mpaka pano ikukonzedwabe. Ine ndaipatsa nyenyezi zisanu, ndipo ndimayenda nayo pa flash limodzi ndi kebulo ija ndimaiganizira kuti yafa.