Mwala wonolera wowotcha kapena wa utomoni: kusiyana kwake poyendera ndi pomangirira

Miyala yozungulira yonolera zitsulo imasiyana potengera chimene chimagwira timchenga take. Wina amauumba ndi dongo n'kuuwotcha m'ng'anjo mpaka utalimba ngati galasi, ndipo umadziwika ndi chilembo V. Wina amaumata ndi utomoni, kawirikawiri ndi ulusi wagalasi mkati, ndipo umalembedwa B kapena BF.

Poyendera, wowotcha suvuta. Mukaukoleka pachala n'kuugogoda pang'ono ndi kamtengo, wabwino umalira momveka, pomwe wong'aluka umangogunda mosalira. Wa utomoni sulira bwino ngakhale uli wangwiro, choncho mumadalira maso ndi deti lothera ntchito, lomwe pa madisiki a gilayinda yam'manja limadindidwa pamphete yachitsulo, zaka 3 kuchokera pamene anapangidwa.

Pomangirira, wowotcha umafuna timapepala tofewa pakati pa mwala ndi mbale zoufinyira, ndipo nati isamangidwe mopitirira muyezo, chifukwa mwalawu suchedwa kung'aluka. Wowotcha wamba supitirira liwiro la mamita 35 pa sekondi m'mphepete mwake, pomwe wa BF umafika 80. Pa yonse iwiri, liwiro la makina lisapose lolembedwa pamwala, ndipo mukamangirira muuzungulitse kwa mphindi imodzi popanda munthu kutsogolo kwake, chinthu chimene ambiri amachinyozera akakhala pachangu.

Wowotcha suwonongeka ndi madzi kapena mafuta ndipo umakhalitsa, koma ukagwa pansi musaukhulupirirenso. Wa utomoni umapirira kugwedezeka, koma chinyezi chimaufooketsa. Disiki yopyapyala ya utomoni ndi yotsika mtengo, komabe imatha msanga.

Wowotcha umayenera amene amanola zida pamakina okhazikika ndipo amafuna muyezo weniweni. Wa utomoni ndi wa owotcherera, amene amadula ndi kusalaza zitsulo ndi gilayinda yam'manja.