micro:bit V2 ndi kabwino, koma ogulitsa aja ayi ndithu

Tinagula ma micro:bit V2 (timabodi ta kompyuta tating'ono tophunzirirapo kupanga mapulogalamu) a kalabu yathu ya ana ya Loweruka, mtengo wake mukuudziwa kale mmene zinthu zakwereramu. Tinatenga opanda kebulo, nde apashopu anatigulitsa ma kebulo awo a USB padera, ati ndi oyenera. Ma kebulo amenewo ndi amene andilembetsa izi.

Ana anali atapanga kale pulogalamu pa MakeCode (webusayiti yomwe umapangirapo pulogalamu polumikiza ma block, tizidutswa ta malamulo ta mitundumitundu), ukadina batani A patuluke mtima pa timagetsi 25 ta pakabodipo, ukadina B nkhope yokwiya, onse awiri pamodzi kalire kanyimbo poti V2 ili ndi sipika yake. Pa sikirini zikutheka bwinobwino. Tibaye kabodi kenikeni ku laputopu, kayaka, koma drive ya MICROBIT yomwe umaponyamo fayilo ya .hex (ya pulogalamuyo) osaoneka. Tasintha pobaya, tabwereka laputopu ina, zii. Ana onse maso pa ine.

Ndapita kushopu kuja, mnyamata wapakauntala osadzuka nkomwe pampando, wangobaya ku tchaja ya foni nkumati "bambo, si aka kayaka? Vuto ndi kompyuta yanu." Ndamuuza kuti achimwene, kuyaka sindikukana, koma kebulo iyi ndi yotchajira basi mulibe mawaya a data, iye ati zogula sizibwezedwa, uku maso ali pa WhatsApp. Munthu ukugulitsa zipangizo za makompyuta osadziwa zimenezi? Kapena amadziwa, angofuna katundu achoke. Inatipulumutsa ndi kebulo ya micro USB ya foni yakale ya alamu anga, kungobaya drive yatulukira pompo.

Kuchoka apo mtima unatsika, chifukwa kabodi kokha sindingakanenere zoipa. Mtsikana wina wa sitandade 4 anapanga chowerengera yekha, A kuwonjezera 1, B kubwezera pa 0, pano akuwerengera zigoli za mpira wa anzake panja. Mnyamata wina anabwera akulira kuti batani lafa, chonsecho amakanikiza osasiya, ndipo block ya on button A pressed imagwira ukadina nkusiya msanga. Anzake ndi amene anamuonetsa, ine ndikungoonerera kkkk. Ma block ali mchingerezi koma ana amangotsata mitundu, sizinawavute ngati mmene ndimaganizira.

China chomwe ndakonda, pulogalamu ikalowa imakhala momwemo, magetsi akazima mumangoika mabatire awiri a AAA ana nkupitiriza. Kapulagi ka mabatireko kokha nkolimba pozula, ana amakoka mawaya, ndiye muzizula nokha akuluakulu.

Gulani, koma pitani ndi laputopu mukayesere kebulo pakauntala pomwepo musanapereke ndalama. Ine shopu ijayi sindidzapondakonso.