Njinga yopinda ya achemwali: pa simenti ndi nyatwa, m'matope ayi

Achemwali anga ali ndi matenda amene madokotala kuno amati esclerose múltipla. Chitetezo cha m'thupi mwawo chimawononga kachikuta kophimba mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, ndiye uthenga wopita ku miyendo umachedwa, nthawi zina osafika n'komwe. Anthu pamudzi pathu, kufupi ndi tauni ya Ulongué m'boma la Angónia, ankati alodzedwa. Ena ankanong'ona kuti ndi ulesi, poti m'mawa amasesa pabwalo koma dzuwa likafika paliwombo miyendo imakana.

Chaka chatha ndidawagulira njinga ya olumala, yopinda, musitolo ina mumzinda wa Tete. Wogulitsa sadandifunse n'komwe msinkhu wa wodwala kapena njira zimene tidzayendamo. Adangoti, "Achimwene, iyi ndiye yolimba," ine n'kulipira.

Kupindako ndimakuyamikira. Pokwera chapa (minibasi) timaipinda, cobrador (wotolera ndalama) n'kuilowetsa kumbuyo popanda mkangano. Mabuleki amagwira bwino. Chimene sindidaganize pogula n'chakuti achemwali adzaisandutsa ndodo: akakhala ndi mphamvu amaikankha okha atagwira zogwirira zakumbuyo, akatopa amatembenuka n'kukhalapo. Pa matenda osinthasintha ngati awa, zimenezi zawabwezera kumsika ndi kutchalitchi.

Koma timatayala take takutsogolo n'tochepa ngati ta chidole. Mvula ya mu Januwale itagwa, tidatitimira m'dongo kawiri tisanafike pamsewu waukulu, mpaka anyamata obwera kumunda wa mbatatesi adachita kuwanyamula pamodzi ndi njingayo. Achemwali adaseka, koma ndidaona kuti zidawapweteka mumtima.

Vuto lina ndi mpando. Ndi wakuda, wapulasitiki, ndipo umasunga kutentha, pomwe kutentha kumakulitsa zizindikiro za nthendayi. Titatsikira ku Tete mu Okutobala, kumene dzuwa limapitirira madigiri 40, maso awo adachita chimbuuzi, manja dzanzi. Tidayala chitenje chonyowa pampando ndi china m'khosi, adapezako bwino madzulo. Kuzizira kwa kuno ku Angónia, kumene ine ndimadandaula nako mu Juni, iwo ndiye amakukonda.

Wokhala m'tauni agule, sadandaula. Ife tidapita nayo kwa wowotcherera zitsulo wa pamsika, amene adachotsa timatayala tija n'kuikapo tokulirapo. Tsopano imalemera pang'ono ndipo popinda imafuna anthu awiri, koma Lamlungu lapitali tadutsa pa dambo osatitimira.