Soundbar yanga patatha miyezi 9: imameza mawu amene ndinaigulira

Dzulo alamu anga anandifunsa pa WhatsApp ngati nawonso agule soundbar (sipika yaitali yolumikiza ku TV) yonga imene ndinagula mu Limbe miyezi 9 yapitayo. Yankho linanditalikira, ndiye ndati ndilembe pano.

Bluetooth imalumikiza msanga, rimoti sinavutepo, ndipo pa nyimbo ndi mpira ndilibe dandaulo.

Koma ine ndinaigulira mafilimu oopsa, makamaka ma trailer ake (timakanema tatifupi totsatsa filimu), amene ndimaonera pa YouTube usiku ana akagona. Masabata oyamba ndinkangogwira pakamwa. Wufa yake, sipika ya mawu a besi, inatulutsa mawu amene sipika za TV zinkandibisira zaka zonsezi, kugunda kwapansipansi kumene umakumva pachifuwa khutu lisanazindikire. Khutu la munthu limayamba kumva cha pa 20 Hz, ndipo okonza mawu amakonda kusewera pafupi ndi malire amenewo. Madzi a m'tambula patebulo ankachita timafunde. Ndinayambanso kumva bwino kamvekedwe kaja kokhala ngati kakukwerabe osafika pamwamba, kamene wasayansi wa ku America Roger Shepard anakafotokoza mu 1964. Mtima umadikira kuti kathe, koma sikatha. Trailer ya Us, filimu ya Jordan Peele ya 2019, inatenga nyimbo ya rap ya gulu la Luniz ya 1995 n'kuichedwetsa mpaka kumveka ngati ya pamaliro. Tsiku limenelo thupi lonse linachita tsemwe, ndinati ndalama yanga yapita pabwino.

Vuto ndinalitulukira mwezi wachitatu. Ma trailer amenewa amakweza phokoso pang'onopang'ono, kenako amadula zonse. Zii. Chithunzi chimada bii, iwe wagwira mpweya, kenako chitseko chimamenyeka kapena munthu amakuwa. Mphamvu yonse ili pa kamphindi koyamba ka phokoso lobwera pambuyo pa zii uja. Soundbar yangayi ikaona kuti mawu atha, nayonso imadzitseka, ndipo ikamadzuka imakhala itameza kale chiyambi cha phokosolo.

Usiku wina ndinkaonera trailer imene mayi akuyenda m'khonde lamdima. Mawu onse anazima. Ndinaona chitseko chikutsekeka mwamphamvu, mayi uja akudzidzimuka, koma m'nyumba mwanga munali chete. Chinandipeza ndi kamchira chabe ka phokoso. Ndinabwereza kasanu, zomwezo. Nditavala mahedifoni otchipa a pa foni, phokoso lija linandidumphitsa pampando. Zinandiwawa kwambiri. Anthu anakhala pansi kuyeza kamphindi kameneko mosamala, ine n'kumakaphonya pa chipangizo cha K320,000.

Ndinasintha chingwe cha optical, ndinayesa HDMI, ndinazimitsa zosunga magetsi pa TV. Pa HDMI zinachepako, koma sizinathe.

Nditabwerera nayo kusitolo, lisiti kumanja, mnyamata wogulitsa anaika nyimbo ya chitoliro chambiri n'kukweza voliyumu. "Bwana, mukuimva nokha, ilibe vuto iyi." Ndinamupempha aike trailer ya pa foni yanga. Anamvetsera, anavomera kuti chinachake chikusowa, koma anati waranti yawo ndi ya chinthu chimene chafa, osati chimene chikulira. Eni sitolo anati ndiisiye aione. Inakhala komweko masabata atatu, n'kubwera momwe inapitira, pakona pake patakalika. Thiransipoti ya maulendo atatu inali yanga.

Masiku ena, wufa ikagwedeza mawindo, ndimaikhululukira. Ikangomeza phokoso limodzi, ndimakumbukira K320,000 ija ndi mmene anandizungulitsira. Alamu ndawauza kuti ngati akufuna ya nyimbo ndi mpira agule, koma atsitsitse mtengo. Ngati ndi ya mafilimu oopsa, apite ndi trailer pa foni, aiyese m'sitolo momwemo pamene pali zii, ndipo wogulitsa alembe pa lisiti kuti ikavuta abweza ndalama. Ine sitolo ija sindidzagulakonso, ngakhale chingwe.